Za gemu ya Zelda ija, achemwali

Eee achemwali, ndamva voisi yanu, mwati mphwangayo wapeza gemu yakale ya Zelda pa Switch ndiye akungozungulira mmatchire osadziwa kolowera, mukufunsa ngati yaonongeka. Ayi sinaonongeke, anaipanga choncho dala.

Imeneyo ndi The Legend of Zelda yoyambirira, Nintendo anaitulutsa ku Japan mu 1986 pa makina ake a gemu otchedwa Famicom Disk System, inali pa disiki yochita kutembenuza, kenako 1987 ndi pomwe inafika ku America pa NES, yomwe ndi Famicom ya kumeneko, mu kaseti ya golide yokhala ndi batire mkati kuti isunge pomwe wafika. Anaipanga ndi Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka, nyimbo ndi za Koji Kondo. Miyamoto yo anakulira ku Sonobe kufupi ndi Kyoto, ali mwana ankayenda yekha mmapiri kulowa mmapanga, ndiye amafuna wosewera naye azisochera chimodzimodzi. Nchifukwa chake palibe kamuvi kokulozera njira.

Komanso mumuuze kuti kamnyamata kovala zobiriwira si Zelda, ndi Link. Zelda ndi mwana wamkazi wa mfumu amene wagwidwa ndi Ganon, mdani wamkulu wa mu gemuyi. Ntchito ya Link ndi kutolera zidutswa 8 za chinthu chamatsenga chotchedwa Triforce mmapanga a pansi pa nthaka, kenako phanga la 9 ku Death Mountain komwe kuli Ganon yo.

Tsono chinthu choyamba, ngati akuyenda chimanjamanja, abwerere pomwe gemu imayambira. Pa sikirini yoyambayo pali khomo lakuda chakumtunda kumanzere, alowemo, muli nkhalamba yaima pakati pa moto uwiri, imupatsa lupanga. Ukhoza kudutsa osalowamo ndipo gemu siikuletsa, imangokusiya uzikafa uko.

Chachiwiri mumupatse kope ndi pensulo, ee kope lenileni la kusukulu. Dziko lonse ndi masikirini 128, 16 chopingasa 8 chotsika, ajambule timabokosi azilemba zomwe wapeza. Zinthu zambiri nzobisika, umatenga kandulo kuotcha chitsamba masitepe nkuonekera, umaika bomba pa thanthwe khomo nkutseguka. Koma kandulo ya buluu imayaka kamodzi basi pa sikirini, uyenera kutuluka nkubwereranso kuti uotche china, pamenepo ndiye ineyo ndimati anawonjeza nkhanza. Ndipo si khomo lililonse lili ndi mphatso, kwina umapeza mkulu wina akukulipiritsa ndalama zokonzera chitseko chomwe waphwanyacho, amangodula marupee ako osakufunsa, hahaha.

China chosekesa, muli tizilombo ta makutu aatali ngati kalulu, Pols Voice. Ku Japan kontrola yachiwiri ya Famicom inali ndi maikolofoni, ukakuwa pamenepo timafa. NES inalibe maikolofoni, koma kabuku kake kanalembabe kuti timadana ndi phokoso, anthu nkumavutika kuimba chitoliro. Pa ya ku America umangotilasa ndi muvi.

Za bandulo yoti azionera mayankho pa YouTube, ine ndingati musamugulire kaye, ayambe wafunsana ndi anzake, ikamukanika zenizeni andiimbire ndimuuze pomwe pali phanga loyamba, Level 1, ndi mumtengo wouma pa kachilumba, umaoloka mlatho. Akamaliza yonse ayambe ina alembe dzina loti ZELDA, mapanga ambiri amasintha malo. Moni kwa alamu.