Mbalame ya nkhope yofiira ija si kabawi

Amayi, mwafunsa ziwiri. Choyamba, mbalame yotuwa imene inalendewera pa zisa za mpheta kwanu ku Chelstone ndi iti, poti nkhope yake inali yofiira pomene yofanana nayo m'buku ili ndi nkhope yachikasu. Chachiwiri, bwanji mapu a pa eBird, tsamba la pa intaneti limene anthu amalembapo mbalame zimene aona, sakuionetsa kumudzi kwanu ku Rufunsa, kumene mwakhala mukuiona kuyambira muli mwana.

Amene akuti ndi kabawi andikhululukire, sindikuvomereza. Kabawi ndi wofiirira thupi lonse, mlomo wachikasu, mchira wamphanda umene amaupotoza uku ndi uku akamauluka. Amafika kuno cha mu Ogasiti, n'kuchoka mvula ikamatha, ndipo chakudya amachita chowakha, n'chifukwa chake anapiye amamudziwa bwino. Kukakamira pa chisa si khalidwe lake.

Yanuyo ndi African harrier-hawk, mabuku akale amati gymnogene. Chithunzi chanu n'chosaoneka bwino, komabe mzere umodzi woyera, waukulu, wodutsa pa mchira wakuda ukuoneka. Mukadzaionanso muyang'ane mutu, ndi waung'ono poyerekeza ndi thupi. Pamimba pali timizere tating'ono takuda ndi toyera, miyendo italiitali yachikasu. Nkhope ilibe nthenga, ndi khungu lokha, ndipo khungulo limafiira mbalameyo ikatengeka, monga pa nthawi yofunana kapena ikakumana ndi inzake. Ndiye buku silinalakwe, inunso maso anu sananame. Koma chimene chimaiulula kwambiri ndi mwendo. Mfundo yake imapindikira kutsogolo ndi kumbuyo komwe, moti imatha kugwira nthambi ndi phazi limodzi, mutu uli pansi, mapiko ali phaphapha, kwinaku phazi linalo likupisa m'chisa kapena m'phanga la mtengo kufuna ana a mbalame, mazira ndi abuluzi. Ana a harrier-hawk ndi ofiirira ndipo amasokoneza ngakhale akatswiri, koma kachitidwe kameneka amakhala nako.

Tsopano za mapu. Dontho lililonse pa eBird limatanthauza kuti munthu anaima pamalopo, naona mbalame, n'kulemba. Pamene palibe dontho, kawirikawiri ndi pamene sipanaime wolemba. Tayang'anani pamene madontho aunjikana m'dziko muno: Lusaka, Livingstone, Mfuwe, Lochinvar, Kasanka, malo ofikako alendo okhala ndi makamera. Pa Great East Road anthu amangodutsa pa liwiro, mwina kuima pa mlatho wa Luangwa kugula nsomba zouma basi. Ndani amakhota n'kulowa m'midzi ya ku Rufunsa kukawerenga mbalame?

Ngakhale buku lalikulu la The Birds of Zambia, limene Dowsett, Aspinwall ndi Dowsett-Lemaire anatulutsa mu 2008, lokhala ndi mitundu pafupifupi 750, linagawa dziko m'zigawo za theka la digiri, kutanthauza makilomita ngati 55 mbali iliyonse. Mbalame ikaoneka pakona imodzi, chigawo chonsecho chimalembedwa kuti ilimo. Ndi ntchito yaikulu ndipo ndimailemekeza, koma papita zaka, ndipo nkhalango zambiri za miombo zapita ndi makala ndi minda. Mbalame zolusa n'zimene zimavuta kwambiri kuzitsata, chifukwa zimakhala patalipatali, zina zimangodutsa. Ka Amur falcon kamachokera kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kuwoloka nyanja ya Indian, n'kufika kuno nthawi ya dzinja. Mukapanda kukweza maso sabata imene gulu lake likudutsa, mutha kukaphonya.

Komabe tisamathamangire kunena kuti tapeza zachilendo. Mbalame zotuwa zolusa zilipo zingapo mu Lusaka muno, ndipo shikra ndi lizard buzzard anthu amazisokoneza tsiku ndi tsiku. Lizard buzzard ili ndi mzere wakuda pakati pa khosi loyera ndi miyendo yofiira, shikra miyendo yake ndi yachikasu. Kulemba dzina lolakwika pa mapu n'koipa kuposa kusiya malowo opanda kanthu, chifukwa wina adzalikhulupirira.

Mukapita kumudzi, jambulani ngakhale ndi foni yomweyo, makamaka mchira ndi kunsi kwa mapiko. Lembani tsiku, malo ndi zimene mbalameyo imachita. Funsaninso akuluakulu ndi anyamata oweta ng'ombe, amadziwa mtengo umene imamangamo chisa chaka ndi chaka. Kenako ikani pa eBird kapena pa iNaturalist, tsamba lina lolembapo zamoyo zimene mwaona, kapena tumizani kwa a BirdWatch Zambia, bungwe limene linayamba mu 1969 ndi dzina la Zambian Ornithological Society. Malo enieni a chisa okha musawaike pagulu pano, tili ambiri muno ndipo ena ali ndi malegeni.