Kamera yasiya kuoneka pa laputopu chiikireni Windows 11

Funso: Amisiri, ndithandizeni. Ndimajambula zithunzi pa zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Salima, ndipo masiku ena ndimapita ku Senga Bay kukajambula anthu odzacheza kunyanja. Kamera yanga ndi Canon EOS 1300D. Laputopu inali ndi Windows 10 ndipo zonse zinkayenda bwinobwino, koma mnzanga wina anandiikira Windows 11, ati Windows 10 inatha nthawi yake. Chichitikireni zimenezo, ndikalumikiza kamera ndi chingwe palibe chimene chikuoneka. Mu This PC, momwe mumaoneka mafulashi, kamera mulibe. Eni ukwati wa Loweruka lapitali akungondiimbira foni kufuna zithunzi zawo. Kodi kamera yapsa? Kapena ndimuuze mnzangayo abwezere Windows yakale?

Yankho: Achimwene, mtima m'malo. Kamera imene ikuyaka, ikujambula, ndipo ikuonetsa zithunzi pa sikirini yake, siinapse. Tisanayambe kulimbana ndi Windows, tiyambe tawapatsa eni ukwati zithunzi zawo, poti zimenezo sizifunika chingwe.

Zithunzi zili pa memori khadi, osati m'kamera. Thimitsani kamera, tsegulani kachitseko ka kunsi komwe kumalowa batire, pakuti pa 1300D khadi ndi batire zimakhala chipinda chimodzi. Dinikizani khadi pang'ono, lidzadumpha lokha. M'mbali mwake muli kachotsekera kolembedwa Lock. Katsitseni musanalowetse khadi mu laputopu. Mukatero kompyuta ikhoza kuwerenga zithunzi koma siingalembepo kanthu, ndiye mavairasi aja osandutsa mafoda kukhala ma shortcut alibe polowera. Malaputopu ambiri a HP, Dell ndi Lenovo ali ndi bowo la khadi la SD m'mbali kapena kutsogolo. Ngati yanu ilibe, gulani card reader, kachipangizo kowerengera makhadi, yolowetsa pa USB, siyokwera mtengo. Khadi lidzaoneka ngati fulashi wamba. Tsegulani foda yolembedwa DCIM, mupeza ina ya dzina ngati 100CANON, ndipo ukwati wonse uli mmenemo. Sankhani Copy, osati Cut, kuti magetsi akazima kapena batire la laputopu likafera panjira, zithunzi zikhalebe pa khadi. Pobwezera khadi m'kamera musaiwale kukweza ka Lock kaja, apo ayi kamera ikana kujambula.

Kunena zoona, ngakhale chingwe chidzayambenso kugwira ntchito, ine ndingakonde muzidzagwiritsa ntchito njira ya khadiyi. Imafulumira, siidya batire la kamera, komanso kabowo ka USB ka pakamera kamakhalitsa. Kabowoko n'kowotcherera mkati, ndipo kakagwedezeka n'kuthyoka, kukonza kwake kumafuna kumasula kamera yonse.

Tsopano tibwere ku vuto lenilenilo. Makamera a Canon EOS salankhula ndi kompyuta monga fulashi. Amagwiritsa ntchito njira yotchedwa PTP, yomwe ndi m'bale wake wa MTP ya mafoni a Android. N'chifukwa chake ngakhale zonse zili bwino, kamera siipatsidwa chilembo ngati E: kapena F:, imangooneka ndi dzina lake mu This PC. Ubale umenewu ukutipatsa poyesera posavuta. Lumikizani foni ya Android ku laputopuyo, pa foni musankhe File transfer. Foni ikaoneka, ndiye kuti Windows ili bwino ndipo tiyang'ane kamera ndi chingwe chake. Foni nayo ikapanda kuoneka, chonsecho pa kompyuta ina imaoneka ndi chingwe chomwecho, mlandu uli pa Windows.

Ndikufunseni kanthu kamodzi. Pa ukwati uja, simunatumize zithunzi zingapo ku foni kudzera pa Wi-Fi kuti akwati aziike pa WhatsApp tsiku lomwelo? Ojambula ambiri amatero ndi pulogalamu ya Camera Connect, n'kuiwala kuthimitsa. Pa 1300D, Wi-Fi ikakhala pa Enable, bowo la USB limagona. Chingwe chikhale chabwino chotani, kompyuta siimva kanthu. Dinani MENU, pitani ku zigawo zokhala ndi chizindikiro cha sipanala, pezani Wi-Fi/NFC, ikani pa Disable. Zulani chingwe, lumikizaninso, yatsani kamera. Mmene mwafotokozeramu, kuti palibe n'kamodzi komwe kamene kakuoneka, ine ndikukayikira kwambiri chimenechi. Zikhoza kutheka kuti Windows 11 yangopezeka pamalo olakwika pa nthawi yolakwika, ngati inalowa masiku omwewo a ukwatiwo. Makamera ena a Canon monga 70D, 750D ndi 6D alinso ndi khalidwe lomweli.

Wi-Fi ikakhala yothima kale, tcherani khutu poyatsa kamera yolumikizidwa. Windows imalira kaphokoso ikamva chipangizo chatsopano. Kukakhala zii, yang'anani chingwe. Kamera yanu imafuna mini-USB, ya mutu wokulirapo kuposa ya mafoni akale a Android. Zingwe zambiri za mutu umenewu zimene zimabwera ndi timawailesi, masipika ndi matochi n'zochajira basi: mkati muli mawaya awiri a magetsi, awiri onyamula zithunzi mulibe. Pamaso simungazisiyanitse. Ngati chingwe chimene chinabwera ndi kamera chinasokonekera m'chikwama n'kulowa china, vuto ndi limenelo. Yesaninso bowo lina la laputopu, ndipo lumikizani mwachindunji, osadzera pa timabokosi togawa USB tija. Poti mumajambula pamchenga ku Senga Bay, unikani ndi tochi m'kabowo ka kamera. Mchenga ndi chinyontho cha kunyanja zimalowa ka rabala kotsekera kakasiyidwa pululu. Pukutani ndi kaburashi kofewa kouma. Singano kapena pini ayi. Batire nalo likhale lodzaza, chifukwa kamera ikazima yokha pakati pa ntchito imasowa pa kompyuta.

Ngati kaphokoso kakumveka koma kamera siikuoneka, apa ndiye talowa m'bwalo la Windows. Dinani batani la Start ndi mbali yakumanja ya mawusi, sankhani Device Manager, kamera ili chiyakire. Fufuzani mzere wa Portable Devices kapena chilichonse chokhala ndi kachizindikiro kachikasu. Mukapeza mawu akuti Unknown USB Device, Device Descriptor Request Failed, bwererani ku chingwe ndi bowo, kawirikawiri uthenga umenewu umachokera kumeneko. Mukapeza dzina la kamera kapena MTP lili ndi chikasu, dinanipo kumanja, Uninstall device, zulani chingwe, kenako Restart. Ndanena Restart dala. Shut down ya Windows 10 ndi 11 siithimitsa zonse, imasunga zina kuti idzayake msanga, ndipo zolakwika zimasungidwira limodzi. Ikayaka lumikizaninso kamera kuti Windows iyiphunzire mwatsopano. Zikakanika, dinani Update driver, kenako Browse my computer for drivers, kenako Let me pick from a list, musankhe MTP USB Device. Driver ameneyu, kapulogalamu kothandiza Windows kulankhula ndi chipangizo, ali kale mu Windows, simufunika bandulo.

Pali msampha wina umene umagwira anthu oikiridwa Windows kuchokera pa fulashi. Poika pamabwera mndandanda: Home, Home N, Pro, Pro N ndi ena. Wothamanga amangodina chilichonse chokhala ndi mawu akuti Pro. Mitundu yokhala ndi N inapangidwira msika wa ku Ulaya ndipo imabwera yopanda zigawo za nyimbo ndi mavidiyo, kuphatikizapo chigawo cholankhula ndi makamera ndi mafoni. Pa Windows yotere kamera ndi foni zonse sizioneka, ngakhale muchite kusintha zingwe khumi. Lowani mu Settings, System, About, muwerenge pa Edition. Mukaona Windows 11 Pro N, lembani Optional features m'kabokosi kofufuzira ka Settings, onjezani Media Feature Pack, kenako Restart. Apa pafunika intaneti.

Mwina mukukumbukira kuti kale mukalumikiza kamera pankatseguka zenera lokha lofunsa ngati mukufuna kukopera zithunzi. Imeneyo inali EOS Utility ya Canon, kapena AutoPlay ya Windows. Ngati mnzanu anafufuta zonse poika Windows, EOS Utility inapita nawo. Itengeni pa webusaiti ya Canon posankha dzina la kamera yanu, ngati muli ndi ya pa CD, imeneyo ndi yakale. Mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse ndi kudina kamodzi atalikireni, ndawaona akubweretsa mavuto ambiri kuposa amene amachotsa. Musatayenso nthawi ndi tsamba la Camera la mu Privacy & security. Limenelo limalamulira kamera ya pamwamba pa sikirini, ya Zoom ija, silikhudza Canon yanu.

Za kubwerera ku Windows 10: njira ilipo mu Settings, System, Recovery, Go back, koma imagwira m'masiku 10 okha, ndiponso pokhapokha ngati Windows 11 inakwera pamwamba pa yakale osafufuta. Mnzanu sananame kwenikweni. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Imayakabe ndi kugwira ntchito, koma chitetezo chake chikutsalira. Kufufuta laputopu yonse chifukwa cha kamera kuli ngati kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe, ndipo vuto likakhala Wi-Fi kapena chingwe mudzalipezanso likukudikirani pa Windows 10 pomwepo.

Funso: Ndine mlembi wa gulu la amayi ku Nkhotakota. Tili ndi kamera ya Sony yojambulira ntchito zathu za kumunda kuti tiziika m'malipoti. Kompyuta ya mu ofesi anaikamo Windows yatsopano, ndipo mwezi womwewo tinagula khadi la 64GB. Ndikaika khadilo mu card reader yathu yakale, kompyuta ikuti ndiyambe ndafomata. Ndivomere?

Yankho: Ayi mayi, dinani Cancel. Kufomata n'kufufuta zonse zili pa khadi, ndipo Windows imafunsa funso limeneli nthawi iliyonse ikalephera kuwerenga, ngakhale wolakwa asakhale khadi.

Bwezerani khadi m'kamera, dinani batani loonetsera zithunzi. Zikaoneka, khadi lili bwino, ndipo ndikuloza chala card reader yanuyo. Makhadi a SD ali m'magulu. A 4GB mpaka 32GB ndi SDHC ndipo amakonzedwa mwa FAT32. A 64GB kupita m'mwamba ndi SDXC ndipo amakonzedwa mwa exFAT. Windows 11 imawerenga zonsezi popanda vuto, koma ma card reader ena akale anapangidwa SDXC isanabwere ndipo amasokonezeka nayo. Gulani yolembedwa SDXC pa paketi. Pakadali pano kamera yomweyo ikhoza kukuthandizani. Ma Sony ambiri ali ndi mzere wa USB Connection mu menyu yake. Ikani pa Mass Storage, lumikizani ndi chingwe chake, idzaoneka pa kompyuta ngati fulashi yokhala ndi chilembo chake. Mwayi umenewu a Canon EOS alibe.

Kwa amene card reader yawo ndi ya mkati mwa laputopu ndipo inasiya kugwira Windows itasinthidwa, kawirikawiri chasowa ndi driver wake. Yang'anani mu Windows Update, Advanced options, Optional updates, kapena pa webusaiti ya kampani yopanga laputopuyo.

Koma ngati kamera nayonso ikukana khadilo, kapena zithunzi zoyambirira zikutseguka pomwe zaposachedwa zikubwera zodukaduka, siyani kujambulirapo lero lomwe. Chithunzi chilichonse chatsopano chikhoza kukhala pamwamba pa chakale chimene chikanapulumuka. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa PhotoRec imene imasanthula khadi n'kutola zithunzi zotayika. Maonekedwe ake ndi oopsa pang'ono, zilembo zokhazokha pa sikirini yakuda, choncho pemphani wodziwa akhale nanu pafupi. Zimene yapeza zisungidwe pa kompyuta, osati pa khadi lomwelo. Ndinenenso kuti makhadi achinyengo alipo pamsika: kunja alembedwa 64GB, mkati malo ndi ochepa, ndipo akadzaza amayamba kuwononga zithunzi mwakachetechete. Khadi latsopano liyeseni ndi pulogalamu ya H2testw lisanapite kumunda. Imalemba khadi lonse n'kuliwerenganso, ndiye imanena malo enieni amene lili nawo. Muyese khadi lopanda kanthu, ndipo mukamaliza mulifomate m'kamera momwemo, osati pa kompyuta.

Funso: Kuno ku Dwangwa vuto langa ndi lina. Zithunzi zakopeka bwinobwino, koma zina sizikutseguka pa Windows yatsopanoyi. Mayina ake akuthera ndi CR2.

Yankho: Bambo, zithunzizo sizinawonongeke. Kamera yanu inaikidwa pa RAW, ndiye ikusunga zonse zimene yaona zosakonza. Canon imazitcha CR2 kapena CR3, Nikon imazitcha NEF. Pa Windows yakale panali pulogalamu yozitsegula imene inapita ndi kusinthako. Lowani mu Microsoft Store, ikani Raw Image Extension, ndi yaulere, ndipo pulogalamu ya Photos idzayamba kuzionetsa. Pofuna kuzikonza ndi kuzisandutsa JPEG, Canon ili ndi Digital Photo Professional, a Nikon ali ndi NX Studio. Malo ambiri otsukitsira zithunzi amafuna JPEG, ndipo RAW imodzi imadya malo a ma JPEG angapo. Ngati simukonza zithunzi pa kompyuta, lowani mu Image quality pa kamera musankhe JPEG ya L, kutanthauza yaikulu. Ngati mumakonza zina ndi zina, sankhani RAW+JPEG ndipo muziyenda ndi khadi lachiwiri m'thumba, chifukwa loyambalo lidzadzaza phwando lisanathe.