Mabatire otchaja aja musawataye, mayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene amawerenga zomwe ndimalemba. Akuti anatopa ndi kugula mabatire mwezi ndi mwezi, ndiye anagula mabatire otchaja asanu ndi atatu a AA pamodzi ndi tchaja yake. Atafika nawo kunyumba anaona kuti pa batire lililonse palembedwa 1.2V, pomwe amene anawazolowera amalembedwa 1.5V. Limodzi analiika mu wotchi ya pakhoma, ena mu rimoti, mu tochi ndi mu galimoto ya chidole ya mwana wawo. Isanathe miyezi iwiri wotchi ija inayamba kutsalira, kenako n'kuima. Bambo a kunyumba akuti akungoti "ndimanena ine". Funso la mayiwa n'lakuti: "Kodi ndinagula zabodza, kapena mabatire otchaja ndi ofooka chibadwire?"

Zikomo mayi polemba. Ine ndikuona kuti mwina simunagule zabodza, ndipo mabatirewo si ofooka. Wotchi ya pakhoma ndi malo amene batire lotchaja limaoneka lopanda pake kuposa kwina kulikonse, ndipo inu mwaliweruza kuchokera pamenepo. M'kalata yanu simunadandaule za chidole kapena tochi. Ndikukhulupirira kuti kumeneko zikuyenda.

Tiyambe ndi 1.2V ija (V akuimira mavoti, muyeso wa mphamvu imene batire limakankhira moto), poti ndi imene yakusowetsani mtendere. Nambala ya 1.5V imene imalembedwa pa batire wamba la alkaline ndi ya tsiku loyamba. Mukangoyamba kuligwiritsa ntchito limatsika pang'onopang'ono, 1.4, 1.3, 1.2, mpaka cha pa 1.0 kapena 0.9 pamene timati latha. Ndiye kuti masiku ambiri a moyo wake limagwira ntchito lili cha m'ma 1.2 momwemo. Batire lotchaja la mtundu wa NiMH, umene ndikuganiza kuti ndi umene muli nawo, limachoka pa tchaja lili cha pa 1.4V, limatsika msanga kufika pa 1.2, n'kukhazikika pamenepo nthawi yaitali, kenako limagwa kamodzin'kamodzi likatsala pang'ono kutha. Opanga zipangizo amadziwa kuti alkaline limatsika, choncho zipangizo zambiri zimagwirabe ntchito bwinobwino pa 1.2V.

Khalidwe limeneli lili ndi kuipa kwake, ndisakubisireni. Tochi ya alkaline imakuchenjezani: kuwala kumafiira pang'onopang'ono kwa masiku. Ya NiMH imawala bwino madzulo onse kenako n'kukusiyani mumdima musanakonzeke. Kachizindikiro koonetsa moto wotsala pa zipangizo zina nakonso kamasokonezeka, kamaonetsa theka batire litangochoka kumene pa tchaja. Ziliponso zipangizo zochepa zimene zimanyanyala mphamvu ikangotsika pang'ono, ndipo mawotchi ena ali m'gulu limeneli.

Koma chimene chinaimitsa wotchi yanu ndikuganiza kuti ndi china. Mabatire a NiMH anayamba kugulitsidwa cha mu 1989, ndipo akalewo anali ndi nthenda imodzi: amatha moto okha ali chikhalire. Batire lodzaza, losagwiritsidwa ntchito, linkatha kutaya gawo limodzi mwa magawo asanu a moto wake pa mwezi, kapena kuposerapo kukamatentha. Tsono wotchi imadya moto wochepa zedi, n'chifukwa chake alkaline limodzi limaiyendetsa chaka chathunthu. Mukaikamo NiMH la mtundu wakale uja, moto umene ukutayika wokha umachuluka kuposa umene wotchi ikudya. Zili ngati kusunga madzi mu ndowa yobooka pamene mumangotungamo kapu imodzi patsiku. Madziwo atha ndithu, koma osati chifukwa chomwa.

Nthendayi inapezeredwa mankhwala. Mu 2005 kampani ya Sanyo ya ku Japan inatulutsa mabatire otchedwa Eneloop, amene pano dzina lake lili m'manja mwa Panasonic. Eni ake amati amasungabe 70 peresenti ya moto patatha zaka 10. Masiku ano makampani ambiri akupanga a mtundu womwewu. Mungawazindikire pa paketi: pamalembedwa kuti "pre-charged", "ready to use" kapena "low self-discharge". Ngati wopanga akulimba mtima kunena kuti batire labwera lotchajatchaja, ndiye kuti akudziwa kuti silinathe moto miyezi yonse imene lakhala m'sitolo. Paketi yanu ngati ilibe mawu amenewa, ndipo mabatirewo anafika opanda moto, mwina muli ndi akale aja. Si oipa, koma amafuna ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Pa paketi pomwepo pali nambala ina imene imatinyenga tonse, ya mAh. Imeneyi imanena kuchuluka kwa moto umene batire lingasunge, ndipo mtima umati titenge yaikulu. Ine ndimatenga yapakati. AA wosunga moto bwino amakhala cha pa 1900 kapena 2000 mAh, AAA cha pa 750 kapena 800. Alipo a 2500 ndi kuposerapo, enieni ndithu, koma kuti opanga akwanitse kupanikiza moto wochuluka m'kachitini komweko, batire limakalamba msanga. Onani a Panasonic omwewo: Eneloop wamba amati angatchajidwe mpaka ka 2100, koma wa moto wambiri uja amati ka 500. Manambala amenewa ndi a m'chipinda choyesera, panyumba safika pamenepo, koma kusiyana kwake mwakuona. Ndipo mukapeza AA wa NiMH wolembedwa 3500 kapena 4000 mAh, musiyeni pomwepo, n'chikomekome cha mkuyu. Mtundu umenewu sufika pa 3000. Lenileni limalemeranso m'dzanja, magalamu 25 mpaka 30, pamene labodza nthawi zambiri limapepuka ngati m'kati mulibe kanthu.

Tsopano ntchito imene amaidziwa. Alkaline limachita bwino likamakokedwa pang'onopang'ono, koma mukalikoka mwamphamvu limabanika, limapereka gawo lochepa chabe la moto umene lili nawo. NiMH silibanika choncho. N'chifukwa chake mu chidole chokhala ndi mota, mu tochi yowala kwambiri, mu kamera, mu makina ometera ndevu, mu zogwirira za magemu a pa TV, ndi mu wailesi imene imalira kuyambira m'mawa mpaka usiku, batire la 1.2V lija nthawi zambiri limakhalitsa kuposa la 1.5V. Ine ndimayendera kafunso kamodzi: chipangizochi ndimachisinthira mabatire kangati? Ngati ndi mwezi ndi mwezi, kapena miyezi iwiri iliyonse, chimenecho n'cha otchaja. Ngati ndi kamodzi pachaka, monga wotchi ndi rimoti, alkaline n'lokwana, chifukwa lotchaja lingatenge zaka zambiri lisanakubwezereni ndalama yanu.

Komabe pa rimoti ine ndimaphwanya lamulo langa lomwe. Alkaline likakhalitsa, makamaka likatha moto lili m'kati, limatha kudontha. Ufa woyera umene mumaupeza pa tizitsulo uja umachokera ku mankhwala a potassium hydroxide, ndipo amadya chitsulo. Ndinaferedwapo kawailesi kamene ndinkakakonda chifukwa ndinakasunga mu diloo miyezi ingapo mabatire ali momwemo. Potsegula ndinapeza masipuling'i atadyeka onse. NiMH sikawirikawiri kudontha. Choncho chipangizo chimene sindingachipezenso chikawonongeka ndimachiikira otchaja osunga moto aja, ngakhale masamu a ndalama akukana.

Pali zipangizo ziwiri zimene sindichita nazo zanga. Alamu yochenjeza za utsi imadalira kutsika pang'onopang'ono kwa batire kuti ilire kukuuzani kuti lisinthidwe, ndipo opanga ambiri amaletsa otchaja. Makina a zaumoyo, monga oyezera BP, nawonso werengani kabuku kake n'kuchita zimene akunena.

Za magetsi otchajira musade nazo nkhawa. AA wa 2000 mAh amasunga pafupifupi 2.4 Wh basi, pamene yuniti imodzi ya magetsi ndi 1000 Wh. Ngakhale titawerengera umene umatayika ngati kutentha, yuniti imodzi ya magetsi ingatchaje mabatire oterewa oposa 200.

Chimene ndikufuna mudekhe nacho ndi tchaja. Anthu timasankha mabatire mosamala, tchaja n'kungotola iliyonse, chonsecho ndi tchajayo imene imapha mabatire ambiri. Zilipo zimene sizidziwa kuti batire ladzaza. Zina zimangothira moto mpaka mutazula nokha, zina zimawerenga maola, kaya batire linali lotheratu kaya linali ndi theka. NiMH likadzaza, moto wowonjezera umasanduka kutentha, ndipo kutentha ndi kumene kumalikalambitsa. Tchaja yabwino imayang'anira batire: likadzaza mphamvu yake imabwerera m'mbuyo pang'ono kwambiri, tchaja imazindikira zimenezo n'kusiya. Zina zimamvanso kutentha. Poigula onani zinthu ziwiri. Kodi malo alionse oikapo batire ali ndi kanyale kakekake? Kodi imalola kutchaja batire limodzi lokha? Ikamakakamiza kuti muziika awiriawiri, ndiye kuti imawatchaja ngati chinthu chimodzi, lina limapsa pamene linzake silinakhute.

Zija zolonjeza kudzaza m'mphindi 15 sindizikonda. Kuthamanga si kufika. Maola awiri mpaka asanu ndi abwino. Batire kufunda pang'ono pomaliza si vuto, koma likamaotcha moti simungalifumbate m'dzanja, zulani.

China chimene chimawapha ndi kusakaniza. Mu chidole cha mabatire anayi, moto umadutsa mwa onse motsatana. Limodzi likatha anzake akadali ndi mphamvu, atatuwo amapitiriza kukankha moto kudzera mwa lotheralo, chobwerera, ndipo limawonongeka. Ndiye musasakanize akale ndi atsopano, odzaza ndi a theka, kapena otchaja ndi alkaline. Ine ndimawalemba ndi cholembera chosafufutika, anayi awa A, anayi awa B, ndipo amatchajidwa limodzi, kugwira ntchito limodzi, kukalambanso limodzi. Galimoto ya mwana ikayamba kuyenda mokokeka, chotsani mabatire nthawi yomweyo. Ana amakonda kusiya chidole chili choyatsa pansi pa bedi mpaka mawa, ndipo usiku umodzi wotero umadya moyo wa batire kuposa kutchaja kambirimbiri.

Wina akuuzani kuti muzidikira batire litheretu musanalitchaje, apo ayi "lizolowera". Nkhani imeneyi inachokera ku mabatire otchaja akale a NiCd, amene anatulukiridwa ndi Waldemar Jungner wa ku Sweden mu 1899. Amenewo ali ndi cadmium, chitsulo cha poizoni, ndipo mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2006 loletsa ambiri mwa iwo. Pa NiMH ya masiku ano vutoli n'laling'ono moti sindiliwerengera. Tchajani pamene mwafuna.

Zoopsa zenizeni ndi izi, ndipo bambo amve nawo. Alkaline silitchajidwa, mukaliika pa tchaja limatha kudontha kapena kuphulika. Palinso batire la lithium lotchedwa 14500 limene kukula kwake n'chimodzimodzi ndi AA koma ndi la 3.7V. Limalowa bwinobwino mu rimoti kapena wailesi, n'kuiwotcha. Kenako pali ma AA atsopano a lithium olembedwa 1.5V, ena okhala ndi kabowo ka USB pathupi pake. Amenewa ali ndi kadera ka magetsi m'kati kamene kamatsitsa mphamvu kufika pa 1.5V n'kuisunga pomwepo mpaka kuzima. Amathandiza pa zipangizo zonyanyala zija, koma salowa pa tchaja ya NiMH, ndipo mu wailesi ena amabweretsa phokoso la shiii. Pomaliza, batire lisayende m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi. NiMH limatulutsa moto wambiri nthawi imodzi chitsulo chikalumikiza mbali zake ziwiri. Ndinamvapo ntchafu ikutentha ndili pakati pa anthu, ndipo mmene ndinavinira pofuna kulitulutsa sindifuna kukumbukira. Kabokosi ka pulasitiki kamathetsa zonsezi. Akadzafika potheratu musawaponye pamoto kapena kuwasiya poti ana angawatole. Kumene kuli malo olandira mabatire akutha, kawasiyeni kumeneko.

Ndiye chitani chonchi, mayi. Wotchi ibwezereni alkaline lake. Otchaja asanu ndi atatuwo agaweni magulu awiri, lina lizikhala m'chidole kapena mu tochi, linalo lizidikira lili lodzaza. Kuti mudziwe mtundu umene muli nawo, tchajani awiri mpaka adzaze, muwasunge mu diloo miyezi iwiri, kenako muwaike mu tochi n'kuona ngati akhalitsa ngati ongochoka kumene pa tchaja. Akakhalitsa, ndi osunga moto aja, ndipo mlandu ndi wa wotchi. Akafooka msanga, ndi akale, muziwatchaja usiku woti mawa agwira ntchito. Bambo apatseni udindo wowerenga mapaketi a alkaline amene sanagulidwe kuyambira lero.

Mukapeza mpata munditumizire chithunzi cha kumbuyo kwa tchaja yanu, pamene palembedwa timanambala ting'onoting'ono paja. Mwa zonse zimene munagula, imeneyo ndi imene ndikufuna kuiona.