Za Mille Lacs, kwa achimwene amene afunsa za walleye ndi pike

Achimwene ndaona funso lanu, mukuti mwasamukira ku Minneapolis chaka chino, mwayesa kukawedza ku nyanja ya Mille Lacs ku Minnesota konko ndi boti la mnzanu wa kuntchito koma mwabwerako chimanjamanja, ndiye mukufuna kudziwa kuti walleye ndi northern pike anthu amazigwira bwanji pa nyanja imeneyi. Musataye mtima, nyanja ija ndiyovutadi, ngakhale anthu amene anakulira konko ku Garrison ndi ku Isle masiku ena imawakaniza.

Vuto lake ndi loti ndi yotakata kwambiri, maekala opitirira 130,000, koma siyakuya, pozama penipeni ndi mafiti 42 basi, ndiye ukaiyang'ana pamwamba paliponse pamaoneka chimodzimodzi pomwe nsomba zaunjikana malo ochepa. Kuwonjezera apo cha m'ma 2005 munapezeka tinkhono tija amati zebra mussels, timasefa madzi, madzi ake ndi oyera kwambiri, ndipo walleye ndi nsomba yodana ndi kuwala. Maso ake aja amaona bwino kukakhala mdima, nchifukwa chake imadya m'mbandakucha, madzulo dzuwa likamalowa, kapena tsiku la mitambo kuli kamphepo kosokoneza pamwamba pa madzi. Ngati munapita 11 koloko dzuwa lili nganganga madzi ali zii, si inu munalakwitsa nyambo ayi, nthawiyo ndiyomwe sinali yake.

Ine malangizo anga enieni ndi awa, ulendo wotsatira musiye kaye boti la mnzanuyo mukwere launch. Amenewa ndi maboti akuluakulu a malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanjayi, mumalipira mpando wanu kwa maola angapo, ndodo ndi nyambo amakupatsani okha ndipo woyendetsa amadziwa komwe nsomba zili sabata imeneyo. Mukakwera musamangoyang'ana chingwe chanu chokha, muziona kuti aimika pati, pansi pali miyala kapena matope, nyambo aisiya kutalika bwanji kuchokera pansi, muzifunsa mafunso osachita manyazi. Zimene mungaphunzire madzulo amodzi amenewo panokha zingakutengereni sizoni yonse.

Mukabwerera ndi boti lanu tsiku muzaligawe pawiri. M'mawa kwambiri ndi madzulo ndi za walleye. Mu May ndi kumayambiriro kwa June imakhala chakufupi, pa mchenga ndi pa miyala ya m'madzi osaya, kenako kukamatentha imasunthira pakati pa nyanja pa ma mud flats aja, omwe ndi ngati zitunda za matope pansi pa madzi, ndipo nsomba zimakonda m'mphepete mwake pomwe pansi payamba kutsetsereka, osati pamwamba penipeni. Apa popanda mapu a pa foni kapena ka fish finder, kachipangizo koonetsa kuya kwa madzi ndi pomwe pali nsomba, mungozungulira, ndiye limbikirani kuti mukhale nacho chimodzi mwa ziwirizi. Njira yosavuta kwa woyamba ndi slip bobber, kachoyandama kotsetsereka pa chingwe komwe kamamira nsomba ikadya, ndi msundu wamoyo, eya misundu yomwe ija, kuno amagulitsa m'mashopu a nyambo ndipo walleye imaikonda koopsa. Msunduwo muukole pa mbedza yaing'ono uzisambira fiti imodzi kapena awiri kuchokera pansi, muimike boti cha kumene mphepo ikuchokera kuti bobber iziyenda yokha kulowera pa miyalapo. Ikamira musakoke nthawi yomweyo, dikirani pang'ono, kungani chingwe kenako nkukweza ndodo, chifukwa walleye imadya mwaulemu, nthawi zina umangomva kulemera basi. Pa ma flats anthu amakokanso nyongolotsi pa spinner, mbedza yokhala ndi kachitsulo kozungulira m'madzi, boti likuyenda pang'onopang'ono.

Dzuwa likakwera musavutike, lowani m'magombe a zomera ngati cha ku Isle, Wahkon kapena Vineland mukasake pike. Iyoyo khalidwe lake ndi lina, imabisala m'zomera za pansi pa madzi nkumadikira kansomba kadutse, ndiye inu muziponya spoon, nyambo yachitsulo yooneka ngati supuni, yofiira ndi yoyera ija ya Dardevle imagwirabe ntchito mpaka lero, kapena spinnerbait, nyambo yopanga ya tizitsulo tozungulira, muziidutsitsa m'mphepete mwa zomerazo. Koma chonde kutsogolo kwa chingwe muike leader ya waya, kachidutswa komangirapo nyambo, mano ake amadula chingwe wamba kamodzi nkamodzi, komanso mukhale ndi pulayazi yaitali yochotsera mbedza, zala mkamwa mwa pike ayi ndithu. Chinanso, mu Mille Lacs muli muskie, imafanana ndi pike koma malamulo ake ndi ena, ku Minnesota yosakwana mainchi 54 suitenga. Pike imakhala yakuda mobiriwira ndi madontho owala, muskie thupi lowala mizere kapena madontho akuda, ndipo mukaitembenuza pansi pa chibwano pike imakhala ndi timabowo tosapitirira 5 mbali imodzi pomwe muskie imayambira 6.

Za malamulozi ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pomwe ife obwera timagwera m'mavuto. Laisensi ya Minnesota DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe, mugule musanaponye mbedza, ndipo nthawi yomwe nyanja siinaundane ndi ayezi munthu mmodzi ndodo imodzi basi. Komanso Mille Lacs ili ndi malamulo akeake a walleye omwe amasintha chaka ndi chaka, mwinanso pakati pa sizoni, chifukwa nsombazo boma limagawana ndi mitundu ya a Ojibwe, eni nthaka a kuderali, potsatira pangano la 1837, lomwe khoti lalikulu la America linatsimikiza mu 1999. Mu August 2015 anatsekeratu kuwedza walleye, chaka chotsatira kunali kugwira nkubwezera m'madzi. Ndiye musadalire zomwe wakuuzani mnzanu za chaka chatha, tsegulani tsamba la DNR usiku woti mawa mukupita muone kuti mukuloledwa zingati, za mainchi angati, komanso ngati kuwedza usiku nkololedwa. Tepi yoyezera ikhale m'boti. Yobwezera muibweze msanga manja ali onyowa, makamaka mu July madzi akatentha, zambiri zimafa zikachedwa kunja. Potuluka mukhuthule madzi onse m'boti ndi kuchotsa zomera pa ngolo yake, limenelonso ndi lamulo.

Mphepo musaipeputse. Ngati munakhalapo ku Nkhotakota kapena ku Salima mukudziwa mmene mwera umasinthira nyanja mwadzidzidzi, Mille Lacs nayo imatero, poti ndiyosaya mafunde ake amakhala afupiafupi ndi okwiya, ndipo mu May madzi amakhala akadali ozizira zedi moti munthu ukagweramo manja amafooka msanga. Jekete loyandamitsa muvale, osangoliika pansi pa mpando, ndipo boti likakhala laling'ono mphepo yakula musapite ku ma flats, tsikani mbali yomwe mtunda ukutchinga mphepo musake pike m'gombe.

Pike anthu ambiri amaitaya chifukwa cha minga ija yooneka ngati Y, koma nyama yake ndiyabwino, funsani a pa launch akuonetseni kadulidwe kochotsa mingayo. Kuchokera ku Minneapolis ndi maola awiri pa Highway 169, mukafuna za m'mbandakucha kuli bwino kugona konko ku Onamia kapena ku Garrison. Mutiuze boti la mnzanuyo ndi lalitali bwanji komanso mukufuna kupita mwezi uti, ndikuuzeni mbali yabwino yotsikira.