Pa kafukufuku wanu, tengani Artemidorus yekha

Achemwali, mwati aphunzitsi akubwezerani mutu wanu wa zaluso ndi chikhalidwe cha anthu akale ati wakula kwambiri, ndiye mukusowa poyambira. Aphunzitsiwo akunena zoona. Egypt, Greece ndi Rome sangakwane m'pepala limodzi. Sankhani chinthu chimodzi choti muchiyang'anitsitse mpaka muchidziwe bwino.

Ine ndingakulozereni ku zithunzi za nkhope zimene ankaika pa mitembo ku Egypt mu ulamuliro wa Aroma. Pa intaneti muzipeza ndi dzina loti Fayum portraits. Ankazijambula pa timatabwa topyapyala, zambiri ndi utoto wosakaniza ndi phula la njuchi, kenaka n'kuzimangirira kumaso kwa womwalirayo. Mwa zonsezo, tengani cha Artemidorus, mnyamata wa zaka pafupifupi 20 amene anamwalira cha m'ma 100 mpaka 120 AD. Flinders Petrie, katswiri wofukula zakale wa ku Britain, anamufukula ku Hawara ku Egypt mu 1888, ndipo pano ali ku British Museum ku London.

Muoneni bwinobwino. Dzina lake ndi lachigiriki, ndipo pachifuwa pake analembapo mawu omutsanzika m'Chigiriki. Nkhope inajambulidwa monga ankachitira Aroma: malaya oyera, nkhata ya masamba agolide kumutu, maso akuyang'ana inu. Koma mukatsika pa chokutira chake chofiira, mupeza milungu ya ku Egypt yokhayokha. Anubis waweramira mtembo womwe wagona pabedi looneka ngati mkango, Isis ndi Nephthys ali uku ndi uku. Miyambo itatu pa thupi limodzi, ndipo abale ake analipira zonsezo mwadala.

Chonde musataye nthawi ndi funso loti kodi anali Mgiriki kapena wa ku Egypt. Ambiri amagwera pamenepo, n'kuyamba kuyeza mphuno ndi khungu la pachithunzi. Funso labwino ndi lakuti banja lake linkafuna kuti aoneke bwanji, ndipo kwa yani. Aroma atatenga Egypt mu 30 BC anagawa anthu pa nkhani ya msonkho, moti olembedwa m'kaundula wa m'matauni akuluakulu, omwe ankatengedwa ngati achigiriki, ankakhoma wochepa poyerekeza ndi a kumudzi. Choncho kuoneka Mgiriki kunali ndi phindu pa moyo uno, pamene za ulendo wa kumanda ankadalirabe Osiris, mulungu wa akufa wa ku Egypt. Mutu wanu wagona pamenepo.

Musamale ziwiri. Choyamba, anthu a pa zithunzizi anali opeza bwino. Matabwa ambiri ndi a mtengo wa linden wochokera ku Ulaya, wosamera ku Egypt. Ndiye musalembe ngati aliyense ankaikidwa chonchi. Komanso zithunzi zambiri, makamaka zimene Theodor Graf, wogulitsa zinthu zakale wa ku Vienna, anagula cha m'ma 1887, zinachotsedwa pa mitembo yake, ndipo nkhope yopanda chokutira chake imangoonetsa mbali yachiroma yokha. N'chifukwa chake ndikuumirira pa Artemidorus, amene akadali wathunthu.

Aphunzitsi akafuna kuti mufananize, onjezani Hermione, mayi amene Petrie anamupeza ku Hawara komweko mu 1911 ndipo ali ku Girton College, Cambridge. Za matabwa ndi utoto, fufuzani ntchito yofufuza zithunzizi yotchedwa APPEAR, yomwe Getty Museum ya ku America inayambitsa mu 2013. Zolemba zake zimawerengeka ulere. Musanatsegule buku lililonse, lembani tsamba limodzi la zimene maso anu akuona pa chokutiracho, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mupite nalo kwa aphunzitsi.