Cartomizer ikapserera pakati pa usiku, chibaba sichidikira kuti kuche

Kalata yanu, bambo a ku Leicester, ndaiwerenga kawiri. Mwati ma cartomizer, tizitsulo ta ndudu yamagetsi tosunga madzi a chikonga ndi kuwatenthetsa kuti atuluke nthunzi, amene munagula posachedwapa akupserera asanathe ngakhale masiku awiri, ndipo mukufuna kudziwa kumene mungapeze odalirika. Funso limeneli landikumbutsa usiku wina umene sindikonda kuukumbukira, choncho mundikhululukire ngati ndiyambire kutali.

Ine fodya ndinakula naye. Bambo anga ankalima fodya wa bale ku Kasungu, ndipo chingambwe changa choyamba ndinachikulunga m'pepala la kope kuseri kwa chigafa ndili mnyamata wa pulayimale. Pamene ndinkabwera ku Manchester n'kuti ndikutha paketi ya ndudu tsiku lililonse. Mu 2012 mnzanga wa kuntchito anandipatsa ndudu yamagetsi, ya mtundu uja wofanana ndi ndudu yeniyeni, batire kutsogolo ndi cartomizer kumbuyo, ndipo ndinakhala miyezi isanu ndi itatu osayatsa machesi. Kenaka ndinagula batire lalikulupo, lokhala ndi kotembenuza mphamvu kunsi kwake, ndinaonanso pa intaneti wogulitsa wina amene ankapereka ma cartomizer makumi asanu pamtengo wa makumi awiri. Ndinadziona ngati wochenjera.

Usiku umenewo unali wa mu Januwale, ndili pa shifiti ya usiku kunyumba yosamalirako okalamba. Itakwana nthawi yopuma, cha m'ma 3 koloko, ndinatuluka kuseri, kunja kukuzizira koti zala osazimva, ndipo nditakoka kamodzi m'kamwa monse munadzaza fungo la chisanza chopserera, lokanda kukhosi mpaka misozi. Ndinamasula cartomizer imeneyo ndi kumanga ina, nayonso inachita chimodzimodzi, yachitatu ndiye sinatulutse nthunzi n'komwe. Kutacha, ndikuweruka, miyendo inanditengera yokha kusitolo ya pamalo omwetsera mafuta, ndipo paketi imene ndinagula pamenepo inanditsekulira miyezi ina inayi ya kusuta. Amene sanagwidwepo ndi chibaba cha chikonga amaona ngati kachitsulo kameneka ndi nkhani yachibwana, pomwe kwa ife ndi kamene kamaima pakati pa munthu ndi ndudu.

Patapita nthawi ndinatenga imodzi mwa ma cartomizer aja ndi kuing'amba ndi pulayala patebulo la kukhitchini. Mkati mwake mulibe zambiri: kawaya kopota kamene kamatentha, kozunguliridwa ndi zinthu zoyera zonga thonje zimene zimasunga madzi, ndi kampata ka mpweya pakati. Thonje la yanga linali lakuda mbali imodzi, litauma gwa ngati nkhoko za mumphika, pamene mbali inayo linali loyera ngati silinanyowepo, kusonyeza kuti analikulunga mopendekera. Umenewo unali mlandu wa opanga. Koma mlandu wina unali wanga, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndivomereze. Pabokosi panalembedwa 1.5 ohm (nambala imeneyi ikachepa, kawaya kamatentha kwambiri), ine batire ndinali nditalitembenuzira pa 4.8 volt, zimene zimapereka mawati opitirira 15, pamene cartomizer wamba ya 2.5 ohm pa batire la 3.7 volt imalandira mawati asanu ndi theka okha. Ndinkathira moto wowirikiza pafupifupi katatu pa thonje limene silikanatha kumwa madzi mwamsanga chotero. Kuwonjezera apo madzi amene ndinkathiramo anali olemera, ochuluka VG (vegetable glycerine), amene amayenda pang'onopang'ono ngati uchi kukazizira, pomwe thonje la cartomizer limafuna madzi opepuka ochuluka PG (propylene glycol).

Ndudu yamagetsi imene Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, anapanga mu 2003 inkabwera m'zigawo zitatu, ndipo chosungira madzi chinali padera ndi chigawo chotulutsa nthunzi. Ozilumikiza kukhala chinthu chimodzi anali anthu awiri apachibale a kuno ku Britain, Umer ndi Tariq Sheikh, amene anayamba kugulitsa zimenezi mu 2008 pa dzina la Gamucci. Nzeru yake inali yoti chotenthetsera chizitayidwa pamodzi ndi thonje chikatopa. Ndikutchula zimenezi chifukwa anthu ambiri amene amandilembera amafuna cartomizer yokhala mwezi wathunthu, pomwe chinthucho anachipanga kuti chizitha msanga. Kwa ine yabwino inkakhala sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ndikuithira madzi kangapo, ndipo ikayamba kulimba pokoka kapena kukoma kukazilala ndinkaitaya osanyinyirika.

Chimene chimandikwiyitsa ndi khalidwe la anyamata ena a m'masitolo a vape, ogulitsa ndudu zamagetsi, amene ukangotulutsa cartomizer m'thumba amamwetulira ngati waonetsa wailesi ya agogo, n'kuyamba kukukakamiza chimakina chachikulu chofuka ngati ng'anjo ya makala. Munthu amene wasiya ndudu ndi kachipangizo kakang'ono kokoka molimba safunika kumusokoneza, pakuti kukoka kolimbako ndi kumene kumafanana ndi ndudu imene anaizolowera. Komabe ndiyenera kunena zoona, msika unasamukira ku matanki ndi ma pod, zosungira madzi za mtundu watsopano, ndipo ma cartomizer ambiri amene atsala ndi akale, okhalitsa m'mashelefu. Ambiri a iwo amachokera kumafakitale a ku Shenzhen, ogulitsa n'kumangoikapo dzina lawo, kotero dzina la pabokosi palokha silinditsimikizira kanthu. Maina amene tinkawatchula kawirikawiri masiku amenewo anali Boge, Smoktech ndi Kanger, koma ngakhale dzina lodziwika limatha kukoperedwa. Ndafika pokhulupirira kuti wodalirika ndi wogulitsa, amene katundu wake amayenda ndiponso amavomera kubweza ndalama bokosi likakhala loipa.

Zoti muchite

Choyamba yang'anani mazinga a batire lanu, chifukwa mitundu ikuluikulu ndi iwiri, 510 ndi 808D, ndipo siilowana popanda adaputa. Batire la mtundu wotchedwa eGo limalandira 510. Kenaka werengani ma ohm: ngati batire lanu ndi laling'ono kapena la 3.7 volt, tengani apakati pa 2 ndi 3 ohm, ndipo ngati limasinthika mphamvu yambirani pansi. Ngati mumagula othiridwa kale madzi, malamulo a kuno salola chikonga kupitirira 20 mg pa mililita imodzi kapena chosungira chopitirira mamililita awiri, ndipo katunduyo amayenera kukhala pamndandanda wa MHRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, umene aliyense angathe kuuona pa intaneti, choncho bokosi losemphana ndi zimenezi lisiyeni pomwepo.

Musagule makumi asanu ngati ine. Gulani paketi imodzi ya asanu, ndipo ngati ndi osathira madzi, dontheserani m'mbali mwa thonje, osati pakampata ka pakati, mpaka thonjelo lisiye kumwa, mudikire mphindi khumi musanakoke. Atatu mwa asanuwo akakutumikirani bwino, bwererani kwa wogulitsa yemweyo mukatenge okwanira miyezi iwiri. Ine mpaka lero m'thumba la yunifolomu mumakhala awiri othira kale, okutidwa ndi timphira tawo mbali zonse ziwiri, ndi batire lachiwiri lotchaja. Mukandilemberanso, mundiuze nambala ya ma ohm imene ili pabokosi lanulo ndi mtundu wa madzi amene mukuthira, chifukwa ndikukayikira kuti vuto lanu likhoza kukhala lomwe lija la usiku wa mu Januwale.