Soto kapena Fried: Yankees inkayenera kutenga ndani?

Kalata ya lero yachokera kwa m'bale wathu wina amene akukhala ku New Jersey. Iye ndi mlamu wake onse amasapota timu ya baseball ya New York Yankees, koma pali nkhani imodzi imene sakumvana. Walemba kuti: "Kumapeto kwa 2024 timu yathu inalephera kusunga katswiri womenya mpira Juan Soto, m'malo mwake inatenga Max Fried ndi osewera ena atatu. Alamu anga akuti zinatikomera, ati mutu umodzi susenza denga. Ine mpaka pano mtima ukuwawa. Inu mukanakhala Brian Cashman, bwana wogula osewera ku timu yathuyi, mukanatenga ndani?"

Achimwene, ine ndikanatenga Soto. Koma musathamangire kukawaseka alamu anuwo, chifukwa zimene akunena si zamasewera ayi.

Baseball ili ndi nkhanza yake kwa akatswiri. Ku mpira wamiyendo kochi akhoza kuuza anyamata kuti mpira uliwonse azipatsira dolo wawo. Kuno zimenezo kulibe. Omenya mpira amakhala 9 pamndandanda, aliyense amadikira nthawi yake, ndiye ngakhale ukhale namandwa chotani umamenya kanayi kapena kasanu basi pa gemu yonse. Zinthu zikathina kumapeto koma nthawi yako isanakwane, umangokhala pabenchi n'kumaonerera. Los Angeles Angels inali ndi Mike Trout ndi Shohei Ohtani pamodzi kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo m'zaka zonsezo sinalowepo m'ndime ya chipulula ngakhale kamodzi.

Ndiye kumbukirani mmene World Series ya 2024, ndime yomaliza yolimbirana chikho, inathera. Gemu yachisanu, pakhomo ku Bronx, Yankees ikutsogola 5-0 motsutsana ndi Los Angeles Dodgers. Mu inning yachisanu (gemu imagawidwa m'zigawo 9 zotchedwa inning) katswiri wa Yankees Aaron Judge anagwetsa mpira wosavuta umene unafika bwinobwino m'glovu mwake. Anthony Volpe anaponya mpira wothera pansi kwa mnzake wa pa base yachitatu (ma base ndi malo amene womenya amathamangirako kuti agoletse). Kenako Mookie Betts wa Dodgers anamenya kampira kofooka kolowera ku base yoyamba, koma woponya mpira wa Yankees Gerrit Cole, m'malo mothamanga kukaima pa base ija, anangoima n'kumaloza ndi chala. Dodgers inabweza zonse zisanu mu inning yomweyo, n'kupambana 7-6, chikho n'kupita. Soto anali m'bwalo usiku umenewo ndipo palibe chimene akanachita. Timuyo inkadwala matenda osagwira bwino mpira, ndipo Soto si mankhwala a matenda amenewo. Kunena zoona, pa ntchito yogwira mpira kunja kuja iyenso ndi wapakatikati, mwinanso kucheperapo.

Choncho Steve Cohen, mwini wake wa New York Mets, atamutenga Soto pa $765 miliyoni ya zaka 15, kuposa $760 miliyoni ya zaka 16 imene Yankees inaika patebulo, Cashman anatembenuka msanga. Anasainitsa Max Fried, woponya mpira wamanzere wochokera ku Atlanta Braves, pa $218 miliyoni ya zaka 8. Anatenga Cody Bellinger ku Chicago Cubs, Devin Williams ku Milwaukee Brewers, ndi Paul Goldschmidt. Judge anabwerera kumalo ake enieni, kumanja kwa bwalo, kumene kunali Soto. Ndipo zinachita kukhala ngati Cashman analota: mu March 2025 Cole anachitidwa opaleshoni ya chigongono n'kukhala panja sizoni yonse. Popanda Fried kukanakhala maliro. Iye anapambana magemu 19, kugonja 5, ndi ERA ya 2.86, kutanthauza kuti pa ma inning 9 aliwonse ankamuthira ma run (zigoli) pafupifupi atatu. Bellinger anamenya ma home run (mipira yodumpha mpanda wa bwalo) 29. Yankees inapambana magemu 94, chimodzimodzi chaka cha Soto, ndipo inagoletsa ma run ambiri kuposa timu iliyonse mu ligi. Mets ya Soto inathera pa 83-79, osalowa n'komwe m'chipulula.

Mukaona zimenezi mukhoza kunena kuti mlandu watha. Sunathe.

Poyamba tichotse bodza limene lafala loti Yankees inapulumutsa ndalama. Zimene inkafuna kumupatsa Soto zinali $47.5 miliyoni pa chaka. Malipiro a Fried, Bellinger ndi Goldschmidt okha, mukawaphatikiza pa chaka, anadutsa $60 miliyoni, Williams tisanamuwerengere. Ndiponso mu baseball mulibe lamulo loletsa timu kudutsa malire a malipiro. Ukadutsa umangolipira msonkho wapamwamba, ndipo Yankees yakhala ikulipira msonkho umenewu zaka zambirimbiri. Timu ngati Tampa Bay Rays ikanena kuti sitingathe kutenga onse awiri, ndimamvetsa. Yankees ikanena zomwezo, ndiye kuti eni ake asankha kuti asatero.

Chachiwiri, yang'anani bwino anayi aja. Goldschmidt anabwera ali ndi zaka 37 pa kontirakiti ya chaka chimodzi. Williams anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti akhale mfulu, ndipo anavutika kwambiri mpaka anamulanda udindo wotsekera magemu. Bellinger anali ndi ufulu wotuluka mu kontirakiti yake sizoni ikatha. Amene anabweradi kudzakhala anali Fried yekha. Ndiye funso lenileni si la mmodzi kapena anayi. Ndi la Soto kapena Fried, enawo ndi zigamba zimene timu yolemera imapeza chaka chilichonse.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi alamu anu. Fried ndi woponya wabwino kwambiri, mpira wake wokhota, curveball, umachita kugwa ngati wathyoka, ndipo amagwira bwino mpira. Koma anasaina ali pafupi kukwanitsa zaka 31, ndipo chigongono chake chinachitidwapo kale opaleshoni yokonza mtsempha, yotchedwa Tommy John, mu 2014. Woponya woyambitsa gemu amasewera kamodzi pa magemu asanu, pafupifupi 32 mwa magemu 162, ndipo ntchito yake yonse yatsamira pa kamtsempha kamodzi ka pachigongono. Kakaduka, chaka chonse chapita, nthawi zina kuposerapo. Nkhani ya Cole ija, imene alamu anu amaitchula poikira kumbuyo Fried, ikutichenjezanso za Fried yemweyo. Ngakhale ali bwinobwino, tsiku limodzi loipa mu October limafufuta zambiri. Ku Toronto, pa gemu yachiwiri ya Division Series ya 2025, imodzi mwa ndime za chipulula, Blue Jays inamuthira ma run 7 asanamalize n'komwe inning yachinayi, ndipo Yankees inatuluka mu mpikisanowo itagonja magemu atatu mwa anayi.

Soto anasaina ali ndi zaka 26. Osewera ambiri amapeza ufulu wosankha timu atatumikira zaka 6 mu ligi yaikulu, ndipo pofika apo amakhala akuyandikira 30. Mnyamata wa ku Dominican Republic ameneyu anayamba ali ndi zaka 19 ku Washington Nationals mu 2018, chaka chotsatira n'kutenga chikho. N'chifukwa chake anafika pamsika asanayambe n'komwe zaka zimene omenya mpira amakhala pachimake. Wotere sapezeka chaka chilichonse.

Ndipo luso lake ndi la mtundu wosakalamba msanga. Mphamvu ya Soto ili m'maso. Mpira ukaphonya malire ndi kachala kokha, samenya. Amausiya udutse, kenako amapalasa dothi ndi mapazi, kugwedeza chiuno, n'kumuyang'anitsitsa woponyayo ngati akumufunsa kuti wabweretsa chiyani china. Mu 2024 anapatsidwa base yaulere ka 129, anamenya ma home run 41, ndipo mwa maulendo 100 aliwonse amene anaima kuti amenye ankafika pa base pafupifupi ka 42. Tsono kumbuyo kwake kumabwera Judge, amene chaka chimenecho anamenya ma home run 58. Woponya ankasowa kothawira. Mukukumbuka ku Cleveland, gemu yachisanu ya ALCS, ndime yolimbirana malo mu World Series, inning ya 10, zigoli zili 2-2, awiri atatuluka kale? Hunter Gaddis anamuponyera mipira yokhota ndi yonyenga, Soto n'kumangoikankhira kunja, akugwedeza mutu. Atangoponya wothamanga wa m'mwamba, Soto anautumiza kuseri kwa mpanda, ma run atatu, ndipo Yankees inalowa mu World Series koyamba chichokereni 2009. Miyendo imafooka, mkono umafooka, koma diso lotero limapirira.

Za kugwa kwa Mets musamusenzetse Soto. Iye anamenya ma home run 43 n'kuba ma base 38. Chimene chinagwetsa timuyo ndi oponya mpira amene anaphwasuka sizoni ikupita kumapeto.

Ndikuvomera kuti zaka zomaliza za kontirakiti ya Soto zidzakhala zowawa, adzakhala wazaka 40 wongomenya basi osagwiranso mpira. Ndikuvomeranso kuti Cashman sikuti anamukana, anapikisana mpaka kumapeto, ndipo Cohen mwina akanangowonjezerabe. Koma mwafunsa kuti ndikanasankha ndani, ndiye ndayankha. Alamu anuwo muwapatse 2025, ndi yawo. Kenako muwafunse za sizoni ya 2030, pamene Judge adzakhale ndi zaka 38, Fried 36, koma Soto 31, akuuzeni amene adzakhale akunyamula timuyo.